Bobby Jones: Katswiri wa gofu amene adamanga bwalo la oitanidwa okha

M'makalabu ambiri a gofu ku America muli mwambo wa chaka ndi chaka umene mamembala amaudikira ngati mvula yoyamba. Membala aliyense amaitana mnzake mmodzi wakunja, awiriwo n'kupanga timu, ndipo kwa masiku angapo amalimbana ndi matimu ena pabwalo limene masiku ena onse limakhala lotseka kwa anthu wamba. Kwa mlendoyo uwu umakhala mwayi wosowa, komanso mayeso aakulu. Iye sadziwa kumene nthaka imatsetserekera, sadziwa kumene mphepo imakhotera, ndipo akalakwitsa, manyazi amagwiranso amene adamuitana.

Mwa mabwalo onse otere, limene osewera gofu amalilakalaka kwambiri ndi Augusta National, mumzinda wa Augusta m'chigawo cha Georgia. Kumeneko munthu salemba kalata yopempha umembala, amangodikira kuitanidwa. Ngakhale mpikisano wa Masters, umene dziko lonse limaonera pa kanema mwezi wa Epulo uliwonse, udayamba ngati chikondwerero cha eni bwalo ndi alendo awo. Mwini maganizo amenewa adali Robert Tyre Jones Jr., wodziwika kuti Bobby Jones, loya wa ku Atlanta amene adagonjetsa akatswiri a nthawi yake osalandirapo khobidi la mphotho.

Mwana wodwaladwala

Jones adabadwa pa 17 Malichi 1902 ku Atlanta. Bambo ake adali loya, ndipo dzina lake adatengera agogo ake aamuna. Adali mwana wodwaladwala, wovutika m'mimba, moti mpaka zaka zisanu chakudya cholimba chinkamukana. Pofuna kuti mwanayo apume mpweya wabwino, makolo ake adayamba kukakhala ku East Lake m'nyengo yotentha, kumene kalabu ya Atlanta Athletic Club idali ndi bwalo la gofu.

Mphunzitsi wa gofu pakalabupo adali Stewart Maiden, wochokera ku Carnoustie m'dziko la Scotland, munthu wosachulutsa mawu. Kamnyamatako kankamutsatira m'mbuyo, kuonetsetsa mmene akugwirira ndodo ndi mmene akuipetera, kenako n'kukayeserera pakokha. Luso lake lonse lidamera pamenepo, potengera ndi maso.

M'chaka cha 1916, ali ndi zaka 14, adatenga chikho cha chigawo cha Georgia, ndipo chaka chomwecho adapita ku Merion, pafupi ndi Philadelphia, kukapikisana ndi akuluakulu mu U.S. Amateur. Adafika m'gulu la osewera asanu ndi atatu omaliza. Kuyambira pamenepo nyuzipepala zidamuika pamaso, ndipo aliyense adayembekezera kuti zikho zazikulu zingoyamba kumutsata.

Zaka zisanu ndi ziwiri za chilala

Masiku amenewo osewera gofu adali m'magulu awiri. Ena ankasewera ngati ntchito, kulandira malipiro ndi mphotho za ndalama, ndipo m'makalabu ambiri ankaonedwa ngati antchito, osayenera kukhala pagome limodzi ndi mamembala. Ena ankasewera mosalipidwa, pongofuna ulemu wa chikho. Mipikisano ikuluikulu idalipo inayi: U.S. Open ndi Open ya ku Britain, mmene magulu onse awiri ankakumana, komanso U.S. Amateur ndi British Amateur, ya osalipidwa okha. Jones adali wa gulu lachiwirili nthawi yonse imene ankapikisana.

Lamulo la gofu ndi lapafupi kulimva. Bwalo limakhala ndi maenje 18, ndipo wopambana ndi amene wamaliza maenjewo atamenya mpira maulendo ochepa kuposa anzake. Chovuta n'chakuti mpirawo suthawa, palibe mdani woukwatula, choncho munthu akalakwitsa alibe wina womuloza chala. Apa m'pamene padali bala la Jones. Adali wa mtima wapachala. Mpira ukapita kolakwika ankatukwana ndi kuponya ndodo, khamu likuonerera.

Manyazi aakulu adamugwera mu 1921 ku St Andrews m'dziko la Scotland, pabwalo lakale la Old Course, limene osewera amalitenga ngati kwawo kwa gofu. Pa ulendo wachitatu wozungulira bwalo mu Open, zinthu zidamusokonekera kuyambira pachiyambi. Atafika pa dzenje la 11, mpira wake udalowa mu mbuna ya mchenga, ndipo atavutika nawo adangoutola osamaliza dzenjelo. Kutero kudatanthauza kudzichotsa yekha mumpikisano. Adali ndi zaka 19, ndipo mpaka ukalamba wake ankaikumbukira nkhaniyi ngati chinthu chochititsa manyazi kwambiri chimene adachitapo pabwalo la gofu.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Jones adaphunzira kumeza mkwiyo, ngakhale kuti mkwiyowo sudathe, udangolowa m'kati. Pa mipikisano ikuluikulu ankalephera kudya bwino ndipo ankatsika thupi m'masiku ochepa. Chilala chidatha mu 1923 ku Inwood, pafupi ndi New York. Jones adaononga maenje atatu omaliza a U.S. Open, Bobby Cruickshank n'kumupeza, ndipo awiriwo adabwereza masewero tsiku lotsatira. Adafika pa dzenje lomaliza akadali ofanana mphamvu. Jones adamenya mpira kuchokera pamalo oipa, kuudumphitsa madzi, nukagwa pafupi ndi dzenje. Chikho chachikulu choyamba chidalowa m'manja mwake ali ndi zaka 21.

Zonsezi ankazichita sukulu ili m'kati. Adaphunzira zaumisiri wa makina ku Georgia Tech, zolembalemba za Chingerezi ku Harvard, kenako zamalamulo ku Emory, ndipo adalowa ntchito ya uloya limodzi ndi bambo ake. Mu 1924 adakwatira Mary Malone, ndipo adabereka ana atatu. Gofu ya mpikisano ankaisewera miyezi yochepa pachaka, pamene anzake olipidwa ankakhala pabwalo chaka chonse.

Mpira umene adauona yekha

Chimene chidakhazikitsa dzina lake si chikho, koma kuluza. Mu U.S. Open ya 1925 ku Worcester, m'chigawo cha Massachusetts, mpira wake udagwera mu udzu wautali pa dzenje la 11. Akukonzeka kumenya, ndodo idakhudza udzu ndipo mpirawo udasuntha pang'ono. Malamulo amati wosewera akasunthitsa mpira wake awonjezere kumenya kumodzi pa chiwerengero chake. Palibe wina amene adaona, ngakhale Walter Hagen amene ankasewera naye, ndipo oyendetsa mpikisano adali okonzeka kuisiya nkhaniyo. Jones adaumirira kuti chilangocho chilembedwe.

Pakutha pa maenje 72 adafanana mphamvu ndi Willie Macfarlane. Adabwereza maenje 36, ndipo Macfarlane adapambana ndi kumenya kumodzi kokha. Anthu atayamba kumutamanda kaamba ka chilungamo chake, Jones sadakondwe nazo. Kwa iye, kuyamikira wosewera chifukwa chotsata lamulo kudali ngati kuyamikira munthu chifukwa sadabe ku banki.

Zikho zidabwerabe. Mu 1926 adatenga Open ku Royal Lytham & St Annes komanso U.S. Open ku Scioto, kukhala munthu woyamba kutenga ziwirizo chaka chimodzi, ndipo mzinda wa New York udamulandira ndi perete wa m'misewu. Mu 1927 adabwerera ku St Andrews, pabwalo lomwe lija adatolapo mpira, ndipo adatenga Open. Adapempha kuti chikhocho chisungidwe komweko m'malo mopita nacho ku America, ndipo anthu a mumzindawo adamutenga ngati mwana wawo.

Chaka cha 1930

Palibe amene adatengapo zikho zonse zinayi chaka chimodzi. Jones adayamba ndi British Amateur ku St Andrews, chikho chokhacho chimene chidali chisanalowe m'nyumba mwake. Mumpikisanowu osewera amakumana awiriawiri, woluza n'kutuluka, moti tsiku limodzi loipa limathetsa zonse. Adapulumukira mkamwa mwa mbuzi pokumana ndi Cyril Tolley, amene adamugonjetsa pa dzenje lowonjezera, ndipo m'ndime yomaliza adaposa Roger Wethered.

Kuchoka apo adapita ku Hoylake, pafupi ndi Liverpool, n'kutenga Open. Atawoloka nyanja pa sitima ya pamadzi adalandiridwanso ndi perete ku New York, kenako adapita ku Interlachen m'chigawo cha Minnesota, kumene adatenga U.S. Open dzuwa likuswa mtengo. Chidatsala chikho chimodzi, U.S. Amateur, ndipo chidali ku Merion, kumene adayambira ali kamnyamata ka zaka 14. Pa 27 Sepitembala 1930 adagonjetsa Eugene Homans m'ndime yomaliza. Khamu lidathamangira pabwalo moti asilikali ndiwo adamutchinjiriza.

Chipambano chimenechi chimatchedwa Grand Slam. Pakati pa 1923 ndi 1930 Jones adatenga zikho zazikulu 13: U.S. Open kanayi, Open katatu, U.S. Amateur kasanu ndi British Amateur kamodzi. Patangopita miyezi iwiri adalengeza kuti wasiya mipikisano. Adali ndi zaka 28 zokha. Thupi ndi mtima zidali zitatopa, ndipo pamwamba pa zomwe adachitazo panalibenso pokwera. Apa m'pamene adayamba kupeza ndalama kudzera m'gofu, pojambula mafilimu ophunzitsa masewerowa ndi kampani ya Warner Brothers ndi pothandiza kampani ya Spalding kukonza ndodo.

Bwalo lothawirako khamu

Kutchuka kudali ndi mtengo wake. Jones sakadathanso kusewera ndi anzake mwakachetechete, chifukwa kulikonse kumene waponda anthu ankasonkhana. Ankalakalaka bwalo lakelake lokhala ndi chipata. Clifford Roberts, katswiri wa zachuma wa ku New York, adamuonetsa malo a maekala 365 ku Augusta amene kale adali nazale ya mitengo ndi maluwa yotchedwa Fruitland. Adawagula mu 1931. Mpaka lero dzenje lililonse pabwalopo lili ndi dzina la mtengo kapena duwa.

Wojambula bwalolo adali Alister MacKenzie, dokotala wa ku Britain amene adagwirapo ntchito pa nkhondo ya Mabunu ku South Africa. Kumeneko adachita chidwi ndi mmene Mabunu ankabisira maenje awo ankhondo kuti afanane ndi nthaka yachilengedwe, ndipo luso limenelo adalitengera ku mabwalo a gofu. Jones adakopeka naye mu 1929, pamene adatuluka msanga mu U.S. Amateur ku Pebble Beach n'kupeza mpata wosewera pa Cypress Point, bwalo lapafupi limene MacKenzie adajambula.

Awiriwa adagwirizana pa mfundo imodzi imene adaiphunzira ku St Andrews: bwalo labwino lisangalatse wosewera wamba koma lisautse katswiri. Choncho njira za mpira adazisiya zotakata, udzu wautali wochepa, mbuna za mchenga zowerengeka. Membala wokalamba ndi mlendo wake akhoza kuzungulira bwalo lonse osataya mpira. Msampha uli pa kapinga wosalala wozungulira dzenje, amene ali ndi zitunda ndi zigwa. Mpira ukagwa mbali yolakwika umatsetsereka kutali, nthawi zina mpaka m'madzi. Wofuna kupambana ayenera kusankha kuyambira pomenya koyamba mbali imene adzalowere, ndipo pa maenje ngati la 13 ndi la 15 ayenera kusankha pakati pa kudumphitsa madzi ndi kuyenda njira yotalika koma yopanda ngozi.

Dzenje la 12 ndilo lalifupi kwambiri pabwalo lonse, mayadi 155 okha, koma lagwetsa akatswiri ambiri. Kutsogolo kwake kumadutsa kamtsinje ka Rae's Creek, kapinga wake ndi wopyapyala, ndipo mphepo imazungulira m'mitengo mosadziwika bwino. Chigawo cha maenje a 11, 12 ndi 13 chimatchedwa Amen Corner, dzina limene mtolankhani Herbert Warren Wind adachipatsa mu 1958.

Alendo apulumutsa eni nyumba

Bwalolo lidatsegulidwa mwamwambo mu Januwale 1933, chuma cha America chitagwa. Eni ake ankayembekezera mamembala 1,800, koma amene adalowa m'zaka zoyambazo sadakwane ngakhale 100. Ngongole zidawazinga, ndipo MacKenzie adamwalira mu Januwale 1934 asanalandire malipiro ake onse. Maganizo obweretsa U.S. Open ku Augusta adalephereka, choncho Jones ndi Roberts adaganiza zokonza mpikisano wawowawo, woitanira anthu amene iwo awasankha.

Mpikisano woyamba udachitika mu Malichi 1934 pansi pa dzina la Augusta National Invitation Tournament. Roberts ankafuna dzina la Masters kuyambira pachiyambi, koma Jones adaliona ngati lodzikweza, ndipo lidavomerezeka mu 1939. Pofuna kukopa anthu, Jones adavomera kusewera nawo ngati mwini nyumba. Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa: chikho adatenga Horton Smith, ndipo Jones adathera pa nambala 13. Adasewera mumpikisanowu mpaka 1948, koma sadaposepo pamenepo.

Chimene chidatchukitsa mpikisanowu chidachitika mu 1935. Gene Sarazen, ali m'mbuyo ndi kumenya kutatu pa tsiku lomaliza, adalowetsa mpira pa dzenje la 15 atangomenya kawiri, pamene katswiri amayembekezeka kumenya kasanu. Adamupeza Craig Wood n'kumugonjetsa pobwereza. Jekete lobiriwira nalo lidayamba ndi nkhani ya alendo: kuyambira 1937 mamembala ankalivala kuti obwera kudzaonera adziwe wofunsa njira, ndipo kuyambira 1949, pamene Sam Snead adapambana, wopambana aliyense amavekedwa jeketelo.

Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse mpikisanowu udaima kuyambira 1943 mpaka 1945, ndipo pabwalopo ankawetapo ng'ombe ndi nkhukundembo. Jones, ali ndi zaka 40, adalowa usilikali wa ndege ngati ofisala wa zaukazitape, ndipo mu 1944 adatumikira ku Normandy m'dziko la France.

Matenda ndi ulemu

Mu 1948 adayamba kumva ululu woopsa kumsana ndi m'khosi, ndipo chaka chomwecho adasewera gofu komaliza ku East Lake. Madokotala pambuyo pake adapeza kuti adali ndi syringomyelia, matenda amene timatumba ta madzi timamera mu mtsempha waukulu wodutsa m'kati mwa fupa la msana n'kumapha mitsempha pang'onopang'ono. Adayamba ndi ndodo yoyendera, kenako zitsulo za m'miyendo, kenako njinga ya olumala. Manja amene adatenga zikho 13 adafika polephera kugwira cholembera. Amene ankamuyendera ankachitira umboni kuti sankadandaula pagulu, ndipo adapitiriza kuyankha makalata ndi kulandira alendo ku Augusta.

Mu Okutobala 1958 mzinda wa St Andrews udamupatsa ulemu wa ufulu wa mzinda, umene mwa anthu a ku America adaulandirapo ndi Benjamin Franklin yekha, zaka pafupifupi 200 m'mbuyomo. Mnyamata uja adatola mpira mwamkwiyo mu 1921 adalowa muholo ali wolumala, ndipo anthu adakhetsa misozi. Lero dzenje la 10 pa Old Course limatchedwa dzina lake. Kuyambira 1955 bungwe loyendetsa gofu ku America la USGA limapereka mphotho ya Bob Jones Award kwa wosewera wa khalidwe labwino.

Pa nkhani ya malamulo sadafewe. Mu Masters ya 1968, Roberto De Vicenzo wa ku Argentina adasainira khadi lolembedwa kuti pa dzenje la 17 adamenya kanayi pamene adamenya katatu. Lamulo limati chiwerengero chokwera chimene wosewera wasainira chikhale chomwecho. Nkhaniyo idapita kwa Jones, amene adali chidwalire m'kanyumba kake pabwalopo, ndipo adagamula kuti lamulo litsatidwe. Chikho chidapita kwa Bob Goalby.

Amene chipata sichidawatsegukire

Mbiri ya Jones ili ndi mthunzi umene sungabisike. Adabadwa ndi kukulira kum'mwera kwa America m'nyengo ya tsankho, ndipo kalabu imene adayambitsa idatsata mwambo umenewo. Anthu akuda ankalowa ku Augusta National ngati ophika, operekera zakudya ndi onyamula zikwama za ndodo. Mpaka 1982 wosewera aliyense mu Masters ankayenera kugwiritsa ntchito onyamula zikwama a pakalabupo, amene onse adali akuda. Amuna amenewa ankadziwa kutsetsereka kwa kapinga aliyense kuposa mamembala, ndipo akatswiri ambiri adavala jekete lobiriwira potsata uphungu wawo, koma iwo sakadaitanidwa ngati alendo.

Bungwe la osewera olipidwa la PGA lidali ndi lamulo lovomereza azungu okha kuyambira 1934 mpaka 1961. Lamulolo litachotsedwa, Charlie Sifford adapambana mipikisano ikuluikulu ku Hartford mu 1967 ndi ku Los Angeles mu 1969, koma kalata yomuitana ku Masters sidabwere. Kalabu inkati ikutsata ndondomeko zake za kaitanidwe. Jones adali mtsogoleri wa kalabuyo nthawi yonseyi. Munthu amene adadzilanga yekha pa mpira umene palibe adauona ukusuntha sadagwiritse ntchito ulemu wake kutsegula chipata chimenechi, pamene mawu ake akadamveka kuposa a wina aliyense.

Wakuda woyamba kusewera mu Masters adali Lee Elder mu 1975, Jones atamwalira kale. Membala woyamba wakuda, Ron Townsend, adalandiridwa mu 1990. Mu 1997 Tiger Woods, ali ndi zaka 21, adatenga chikhocho posiya womutsatira ndi kumenya 12. Amayi oyamba, Condoleezza Rice ndi Darla Moore, adakhala mamembala mu 2012. Ku Africa jekete lobiriwira lidafika kudzera mwa Gary Player wa ku South Africa, amene mu 1961 adakhala munthu woyamba wosakhala wa ku America kulivala, ndipo pambuyo pake Trevor Immelman mu 2008 ndi Charl Schwartzel mu 2011.

Jones adamwalira pa 18 Disembala 1971 ku Atlanta ali ndi zaka 69. Adaikidwa m'manda a Oakland mumzinda womwewo, ndipo odzaona manda ake amasiyapo timipira ta gofu m'malo mwa maluwa. Zikho zinayi za 1930 palibe wina amene adazitenganso chaka chimodzi. Kalabu ya Augusta National idamulemba kukhala mtsogoleri wake mpaka muyaya, ndipo chaka chilichonse makalata oitanira osewera ku Masters amatumizidwabe monga adayambira mu 1934. Mlendo aliyense amene walandira kalatayo amakapeza bwalo monga Jones adalifunira, lotakata polowa koma losakhululuka pofika pa dzenje.